Kasitomala akakana kugula: zimene ophunzira amatola m'mabizinesi othandiza anthu

M'chaka cha 1976, Muhammad Yunus anali mphunzitsi wa zachuma pa Chittagong University m'dziko la Bangladesh. Pafupi ndi yunivesiteyo panali mudzi wa Jobra, komwe amayi ena ankaluka mipando ya nsungwi. Ndalama yogulira nsungwi ankaitenga kwa amalonda, ndipo pangano lake linali lakuti mipandoyo aigulitse kwa wobwereketsa yemweyo, pamtengo woikidwa ndi iyeyo. Yunus anatuma mmodzi wa ophunzira ake kuti ayende m'mudzimo n'kulemba onse amene anamangika mu ngongole zoterezi. Mndandanda utabwera, munali anthu 42, ndipo ndalama zimene onsewo ankafunikira zinali pafupifupi madola 27 a ku America. Yunus anapisa m'thumba mwake n'kuwabwereka. Apa ndi pomwe panaphukira Grameen Bank, imene inakhala banki yovomerezeka mu 1983, ndipo mu 2006 inalandira mphoto ya Nobel ya mtendere pamodzi ndi mwini wake Yunus.

Ofotokoza nkhaniyi amakonda kuima pa madola 27 aja. Ine chimene chimandikoka ndi ntchito ya wophunzirayo. Sanapite m'mudzimo ndi nzeru yothetsera umphawi. Anayenda khomo ndi khomo, kufunsa, n'kulemba manambala. Mpaka lero, wophunzira amene amathandizadi m'bizinesi ya mtundu umenewu nthawi zambiri amakhala wogwira ntchito yonga imeneyi, ngakhale kuti ochepa okha ndi amene amapitako akuiyembekezera.

Bizinesi ya mtundu umenewu ndi imene ambiri amaitchula kuti social enterprise. Imagulitsa katundu kapena ntchito monga bizinesi ina iliyonse, koma anaikhazikitsira kuthetsa vuto linalake pakati pa anthu, kaya ndi kusowa kwa magetsi, ntchito, mankhwala kapena madzi abwino. Si bungwe lodalira mphatso, chifukwa gawo lalikulu la ndalama zake liyenera kutuluka m'malonda. Si kampani wamba, chifukwa phindu lambiri limabwerera ku ntchitoyo m'malo moti eni ake agawane. Magazini ya The Big Issue, imene inayamba ku London mu 1991, imaonetsa bwino mmene zimayendera: anthu osowa pokhala amagula magaziniyo pa theka la mtengo, amakaigulitsa m'misewu pamtengo wonse, ndipo chotsalacho n'chawo. Palibe walandira chaulere. Ku United Kingdom, kuyambira mu 2005 kuli mtundu wapadera wa kampani wotchedwa Community Interest Company, umene lamulo limatchinga chuma chake kuti chisathere m'matumba a eni. Mayiko ambiri alibe lamulo lotere, choncho bizinesi yothandiza anthu imalembetsedwa ngati kampani wamba, ngati bungwe losapanga phindu, kapena ngati kopaletivi.

Ophunzira amalowamo kudzera m'makomo osiyanasiyana. Ena amatumizidwa ndi aphunzitsi awo kuti akathetse vuto limodzi la bizinesiyo mkati mwa semesita. Ena amapitako pa atachimenti. Ena amayambira m'mipikisano, monga ya Enactus, bungwe lomwe linayamba ku America mu 1975 likutchedwa SIFE ndipo linasintha dzina mu 2012, kapena Hult Prize, umene gulu lopambana limalandira madola 1 miliyoni oyambira bizinesi.

Chodzidzimutsa choyamba chimabwera sabata yoyamba yomwe. Munthu amapita akuganiza kuti akakhala m'misonkhano yokonza tsogolo, koma amampatsa bokosi la malisiti kuti awalowetse m'kompyuta, kapena buku la ngongole kuti aone amene sanalipire. Ambiri amakhumudwa. Komatu m'malisitimo ndi momwe muli bizinesi yonse. Tingoyerekeza ndi kampani yogulitsa nyali za sola kwa anthu okhala kutali ndi magetsi. Wophunzira akamaona kabuku kotsatsa malonda, amangoona mtengo wogulira nyali ku fakitale ndi mtengo woigulitsira, n'kuganiza kuti chapakatipo ndi phindu. Akatsegula malisiti amapeza ndalama yonyamulira katundu kukafika komwe msewu watha, gawo la wogulitsa, nyali zobwezedwa zitafa, mafoni oimbira olipira pang'onopang'ono, ndi ena amene anasiyira panjira osamaliza kulipira. Chapakati chija chimatha ali maso. Apa ndi pomwe amazindikira chifukwa chimene amalonda akuluakulu sanafikire kumeneko: si kuti sanakuone, koma kufikitsa chinthu kwa munthu wakutali amene ndalama zake zimabwera mwa apo ndi apo n'kokwera mtengo. Luso la bizinesi yothandiza anthu, pamene lilipo, limakhala pochepetsa mtengo umenewo. Pa chinthu chogulitsacho pamakhala zochepa.

Phunziro lalikulu koposa, kwa ine, limachokera kwa munthu amene bizinesiyo ikufuna kumuthandiza. Wolandira mphatso amathokoza. Ngakhale mumpatse chinthu chimene alibe nacho ntchito, amalandira ndi manja awiri, chifukwa kukana mphatso n'kovuta ndiponso sadziwa chimene mudzabweretse ulendo wina. Kasitomala alibe ulemu wotere. Chinthu chikapanda kumuthandiza amangosiya kugula, ndipo bizinesi imamva kupweteka mwezi womwewo. Wophunzira wozolowera kuti akayankha bwino amapatsidwa malikisi amakumana ndi woyesa wina, amene sasamala kuti nzeruyo ndi yokongola bwanji.

Mu 2007, ophunzira anayi a pa Stanford University ku America, m'kalasi lotchedwa Design for Extreme Affordability, anapatsidwa ntchito yopanga makina otchipa ofunditsira makanda obadwa masiku asanakwane. Makina a m'zipatala zikuluzikulu ankafika madola 20,000. Mmodzi wa ophunzirawo, Linus Liang, anapita ku Nepal kukaona zinthu ndi maso ake, ndipo m'chipatala cha ku Kathmandu anapeza makina ena ali chabe, opanda makanda. Makanda ofunika makinawo ankabadwira kumidzi yakutali kopanda magetsi, ndipo ambiri sankafika n'komwe kuchipatalako. Akanangotsatira funso la aphunzitsi awo, akanapanga makina otchipa oti akaunjikane pambali pa ena osagwiritsidwa ntchito. M'malo mwake anasoka kathumba kofunda komugonekamo mwana, kokhala ndi phula limene likatenthetsedwa limasunga kutentha koyenera thupi la khanda kwa maola angapo. Kampani yake ndi Embrace. Atapita nako ku India anakumana ndi china chimene m'kalasi sichikanaganizika. Pakathumbapo panali poonetsa kutentha, ndipo mayi ankayenera kudikira mpaka pafike madigiri 37. Amayi ena anafotokoza kuti mankhwala ochokera kumayiko a azungu amawaona kuti ndi amphamvu kwambiri, moti dokotala akanena mlingo iwo amachepetsako, ndipo kathumbako akanakatenthetsanso mosafikitsa pa 37. Opangawo anachotsa nambala n'kuikapo chizindikiro chongosonyeza kuti kwakwana. Kusintha kwakung'ono, koma kunatheka chifukwa wina anakhala pansi ndi amayiwo kufikira atamasuka n'kunena zoona.

Tsono taonani mmene zimakhalira pamene wogwiritsa ntchito chinthu alibe mpata wokana. PlayPump unali mjigo wolumikizidwa ku choseweretsa chozungulira: ana akamasewera pozunguza, madzi ankakwera m'thanki, ndipo zikwangwani zotsatsa malonda pathankipo zinkayenera kubweretsa ndalama yokonzera mjigowo ukawonongeka. Pachithunzi zinali zosangalatsa kwabasi. Mu 2006 boma la America pamodzi ndi mabungwe ena analonjeza madola 16.4 miliyoni kuti mijigo yotere ifalikire mu Africa. Koma ana sasewera tsiku lonse, ndipo madzi amafunika m'mamawa ndi madzulo. Amayi ndi amene anatsala akukankha chozunguliracho ndi manja. Mu 2009 nyuzipepala ya The Guardian inawerengera kuti ana akanayenera kusewera maola 27 pa tsiku kuti mjigo umodzi ukwanire anthu onse amene ankati udzawathandiza. Mtengo wake unaposa wa mjigo wamba kangapo, ndipo m'malo ena unaikidwa pochotsa mjigo wamba umene anthu ankaugwiritsa ntchito bwinobwino. Bungwe la PlayPumps International linasiya ntchitoyi mu 2010. Chinalakwika n'chiyani? Amene ankalipira anali kutsidya kwa nyanja, amene ankatunga anali pamjigo, ndipo mawu a wotungayo analibe njira yofikira pomwe pamachokera ndalama.

Kampani ya nsapato ya TOMS, imene inayamba mu 2006, inali ndi mpangidwe wofananako: mukagula nsapato, ina imaperekedwa kwa mwana wosauka. Wosangalatsidwa anali wogula, ndipo wovala yaulereyo sanafunsidwe ngati nsapato ndiyo inali chosowa chake chachikulu. Mu 2019 kampaniyo inasiya njira imeneyi n'kuyamba kupereka gawo la phindu lake. Wophunzira aliyense akafika pabizinesi yothandiza anthu angachite bwino kufunsa msanga kuti: wolipira ndani, wopindula ndani, ndipo ngati ali anthu awiri osiyana, dandaulo la wachiwiriyo limamveka bwanji?

Apa ophunzira ena amapitirira muyeso. Akamva zonsezi amatembenuka n'kuyamba kulalikira kuti chaulere chilichonse n'choipa, kuti munthu amasamala chokhacho chimene walipira. Mawuwa amamveka anzeru, koma sakhala oona nthawi zonse. Akatswiri a zachuma Jessica Cohen ndi Pascaline Dupas anayesa nkhaniyi m'zipatala za amayi oyembekezera ku Kenya, pogawa masikito oteteza ku malungo pamitengo yosiyanasiyana. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2010, zinasonyeza kuti mtengo ukachoka pa ulere kufika pa masenti 60 okha a ku America, otenga masikito ankachepa kwambiri, pamene olipirawo sankagona m'masikito kuposa olandira mwaulere. Mtengo unangotsekera kunja anthu ambiri. Choncho kulipiritsa kumauza bizinesi zoona za amene agula, koma sikunena kanthu za amene abwerera pakhomo ndalama itawaperewera, ndipo kawirikawiri amenewo ndi omwe bizinesiyo inakhazikitsidwira.

Ena anapeza njira yodutsa pakati. Dokotala Govindappa Venkataswamy atapuma pantchito ya boma anatsegula chipatala cha maso cha Aravind mumzinda wa Madurai ku India mu 1976, chili ndi mabedi 11. Odwala okhoza kulipira amalipira, ndipo ndalama zawo zimanyamula pafupifupi theka la odwala, amene amachitidwa opaleshoni mwaulere kapena pamtengo wochepa zedi. Kuti zimenezi zitheke, ntchito anaikonza mwakuti dokotala amangochita opaleshoni yokhayo, akamaliza wodwala mmodzi wina ali kale pabedi la pambali, zina zonse zikugwiridwa ndi anamwino ophunzitsidwa bwino. Magalasi oikidwa m'diso pochotsa ng'ala atakhala okwera mtengo, mu 1992 anatsegula fakitale yawoyawo ya Aurolab n'kugwetsa mtengowo. Wophunzira amene anapita kukafuna nkhani ya chifundo amapeza nkhani ya kasanjidwe ka mabedi ndi ka mphindi.

Pali tsiku lina limene ophunzira ambiri saliiwala: tsiku lotsagana ndi wotolera ngongole. M'kalasi, cholinga chothandiza anthu ndi kufunika kwa ndalama zimalembedwa ngati zinthu ziwiri zoyendera limodzi. Pakhomo pa munthu amene mbewu zake zapsa ndi dzuwa ndipo tsiku lobweza lakwana, ziwirizi zimakokana. Mukamukhululukira, anansi ake amva, ndipo mwezi wamawa obweza achepa. Mpamba ukatha, sipakhalanso wobwerekedwa. Mukamukakamiza, mwina agulitsa chiweto kapena kupita kwa akatapila, amene bizinesiyo inabwera kudzamuwombola kwa iwo. Palibe yankho limodzi lokhalitsa. Bizinesi yabwino imakhala ndi malamulo okonzedweratu, monga kutalikitsa nthawi yobwezera pakagwa tsoka lokhudza dera lonse, ndipo imayang'anitsitsa mmene imalipirira otolera ake. Wotolera amene bonasi yake imadalira ndalama zotoleredwa basi amaphunzira nkhanza popanda womuphunzitsa.

Kutsetsereka kumeneku kunachitikapo poyera. Mu 2007 banki ya ngongole zing'onozing'ono ya Compartamos ku Mexico inagulitsa masheya ake pamsika, eni ake n'kulemera kwambiri, pamene obwereka ankalipira chiwongoladzanja choyandikira 100 peresenti pachaka. Yunus anadzudzula poyera. Mu 2010 kampani ya SKS Microfinance ku India inachita chimodzimodzi, ndipo chaka chomwecho boma la chigawo cha Andhra Pradesh linakhwimitsa malamulo potsatira madandaulo okhudza katoleredwe ka ngongole ka makampani oterewa. Onsewa anayamba ndi cholinga chabwino. Cholinga sichitayika tsiku limodzi. Chimasunthika pang'onopang'ono, nthawi iliyonse pali chifukwa chomveka, monga kutsata makasitomala okhozako pang'ono chifukwa ndiwo sachedwa kulipira.

Ntchito ina imene ophunzira amapatsidwa kawirikawiri ndi yoyeza ngati bizinesi ikusinthadi miyoyo. Amayamba ndi mafunso apapepala, ndipo amabwerako osangalala chifukwa pafupifupi aliyense wayankha kuti zinthu zasintha. Koma wofunsayo anavala malaya a kampani, anafika pagalimoto ya kampani, ndipo anamutsogolera ndi wogwira ntchito pakampanipo kupita kwa makasitomala amene iye amawakonda. Amene anasiya kugula sanafunsidwe. Chiwerengero cha nyali zogulitsidwa kapena cha ngongole zoperekedwa chimangonena kuti ntchito inagwiridwa. Funso lovuta ndi lakuti, bizinesiyo ikanapanda kubwera, anthuwo akanakhala pati? Mu 2015 anasindikiza pamodzi kafukufuku wa m'mayiko 6, Bosnia, Ethiopia, India, Mexico, Mongolia ndi Morocco, wofanizitsa amene anapatsidwa mwayi wa ngongole zing'onozing'ono ndi anzawo amene sanapatsidwe. Anapeza kuti ngongolezo zinathandizako, makamaka popatsa anthu ufulu wosankha ndi kukulitsa timabizinesi tina, koma sizinachotse mabanja ambiri mu umphawi monga ankalengezera. Ngati njira imene inalandira mphoto ya Nobel inapezeka choncho itayezedwa mosakondera, wophunzira asadabwe manambala ake akakana kugwirizana ndi kabuku kotsatsa. Chovuta chimakhala kukanena zimenezi kwa mwini bizinesi amene wamulandira bwino, amenenso akufuna lipoti lokoma loti akaonetse othandiza ndi ndalama. Oyang'anira ena amayamikira, ena amapempha kuti mawu afewetsedwe. Mmene ayankhira zimauza wophunzirayo zambiri za bizinesiyo kuposa zonse zimene anamva tsiku lomulandira.

Tinenenso za mbali imene mayunivesite saikonda kuitchula: wophunzira si waulere. Ngakhale asalipidwe, pamafunika munthu womulangiza, womuyendetsa, womumasulira, ndipo m'bizinesi yaing'ono munthu ameneyo ndi yemweyo woti agulitse, atolere ndi kulemba malipoti. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona kuti diso latsopano limaona zimene eni ake anazolowera. Koma anatinso mlendo ndi mame. Semesita ikatha wophunzira amapita, ndipo chaka chamawa kumabwera gulu lina kudzafunsa makasitomala omwewo mafunso omwewo. Malipoti okhuthala olangiza kuti bizinesi ilowe m'misika yatsopano kapena ipange pulogalamu ya pafoni amaunjikana m'kabati, chifukwa olembawo sanafunse ngati pali ndalama ndi munthu wochitira zimenezo.

Palinso za chilungamo. Atachimenti yosalipidwa imatheka kwa amene makolo ake angamudyetse miyezi yonseyo, choncho mwayi umapita kwa okhoza kale, pamene wophunzira amene anakulira m'vuto lomwe bizinesi ikulimbana nalo, amene akanalimvetsa msanga, amatsala. Ndipo zithunzi. Kujambula munthu m'kusowa kwake n'kumuika pa Facebook kapena pa Instagram osamupempha ndi kumutenga ngati chokongoletsera mbiri yako. Mayina, manambala a foni ndi ngongole za makasitomala siziyenera kutsala pa laputopu ya wophunzira ntchito ikatha.

Mipikisano ndimaiona ndi maso awiri. Imaphunzitsa kufotokoza nzeru mwachidule komanso kugwira ntchito pagulu, ndipo ina imapereka mpamba weniweni. Koma oweruza ake si makasitomala. Amapereka mphoto kwa nzeru yomveka yatsopano ndi yolonjeza kufikira anthu mamiliyoni, pamene zothandizadi nthawi zambiri ndi zakale, zongofunika kuchitidwa mokhulupirika. Andrew Youn anayambitsa One Acre Fund mu 2006 ali wophunzira pa Kellogg School of Management, sukulu ya zamalonda ku America, ndipo anayamba ndi mabanja pafupifupi 40 a alimi kumadzulo kwa Kenya. Chimene anabweretsa si chachilendo: mbewu ndi feteleza pangongole, zofikitsidwa pafupi ndi mlimi nthawi yobzala isanakwane, maphunziro a kabzalidwe, ndi ufulu wobweza pang'onopang'ono. Chimene chinasiyanitsa n'chakuti atamaliza sukulu anasamukira komweko n'kukhala, nyengo ndi nyengo, akukonza zolakwika za chaka chapitacho.

Si wophunzira aliyense angasamuke, ndipo palibe chifukwa choti aliyense ayambitse bizinesi yake. Wa miyezi iwiri kapena itatu angathe kusiya chinthu chothandiza ngati ntchito yake ili yaing'ono, yosankhidwa ndi bizinesiyo osati ndi iye, ndiponso ngati pali munthu wodziwika amene adzaipitirize. Kawirikawiri munthu ameneyo ndi wogwira ntchito kumadera, amene amadziwa kasitomala aliyense ndi dzina, amadziwa mwezi umene anthu amakhala ndi ndalama ndi umene amabisala, koma safunsidwa maganizo chifukwa alibe digiri. Ophunzira ochenjera amayenda naye masiku oyambirira asanalembe kanthu, ndipo dzina lake amaliika pa lipoti. Ngati apanga kaundula wa katundu kapena njira yotsatira ngongole, amaipanga pa chipangizo chimene bizinesiyo ili nacho kale, osati pa pulogalamu yolipira imene laisensi yake ndi ya yunivesite. Sabata yomaliza isanafike amampatsa munthu uja kuti aigwiritse ntchito yekha iwo atakhala pambali osalankhula, ndipo paliponse pamene wakakamira, amakonza pomwepo asananyamuke.